Mafumu a ku Marakeshi ndi Shopu ya Binwelo ku Foleshill

Ana inu, takhalani pansi kaye. Tadala, mbalezo zisiye, sizithawa. Yankho, chotsa timawaya ito m'makutu. Ndikudziwa kuti Chichewa umamva bwinobwino ngakhale umayankha m'Chingelezi ngati wapolisi. Lero sindikufuna yankho m'chilankhulo chilichonse, ndikungofuna mumve.

Lachinayi lija tinakhala pabalaza pompano, kwa mayi anu kuno ku Erdington, tikuonera pafoni maliro a agogo anu a Binwelo, msuweni wanga, amene amuika ku Kasungu. Munamva zimene mwana wake Esinati anawerenga pa mbiri ya malemu. Anati bambo ake anali ndi shopu ku Coventry, ndipo msuweni wawo Gidiyoni wakhala akuwasungira shopuyo mokhulupirika mpaka lero. Iwe Tadala unandigwira phewa n'kunena kuti umandinyadira. Ine ndinadzuka n'kukadzitsekera kubafa, inu n'kumayesa ndikukalira msuweni. Kulira ndinalira ndithu, koma chimene chinandidzutsa pampando ndi manyazi. Shopu ija sindinamusungire Binwelo. Ndinamulanda. Mayi anu ndinawauza dzulo masana, n'chifukwa chake lero sanapite kutchalitchi ndipo adzitsekera kuchipinda. Esinati sakudziwa, ndipo dzuwa lisanalowe ku Kasungu ndiyenera kumuimbira kuti ndimuuze. Koma ndiyambe ndi inu, poti mwakulira pakati pa mashelefu a shopu imeneyo.

Kuti mumvetse, mulole ndikuphunzitseni histole pang'ono. Musanandidziwe ngati nkhalamba yoyeza usipa pasikelo, ndinali mphunzitsi pa sekondale ina ku Dedza. Inde, Yankho, ndinali ndi tsitsi, ndipo tayi sinkachoka pakhosi. Masiku amenewo kunalibe zoti mwana akadina kagalasi mafumu onse a dziko lapansi n'kutulukira. Tinali ndi choko, bolodi lodetsedwa ndi makala a m'mabatire, ndi mapu amodzi ansalu amene chiswe chinadya mbali yonse ya Igupto. Mayeso tinkasindikiza pa makina opukusa ndi dzanja, mapepala n'kutuluka onyowa, onunkha sipiriti, ana n'kuyamba awanunkhiza asanawerenge funso. Mwezi wa Juni ku Dedza choko chinkapulumuka m'zala chifukwa cha chisanu. Ndiye mukamadandaula kuti kuno kumazizira, ine ndimangokuyang'anani.

Pa maphunziro onse, limene ndinkalikonda linali la mafumu otchedwa Alimoravidi. Awa anali Aberiba, eni nthaka akale a kumpoto kwa Africa, a mafuko okhala m'chipululu cha Sahara zaka pafupifupi chikwi zapitazo. Anali oweta ngamila. Amuna awo ankaphimba nkhope ndi nsalu n'kusiya maso okha, pamene akazi ankayenda nkhope ili poyera. Mfumu yawo ina itapita ku Haji, inabwerako ndi mphunzitsi wa Chisilamu wolimba pa malamulo, wosanyengerera ngakhale mfumu imene. Mphunzitsiyo analumikiza mafuko amene ankangokhalira kulandana ziweto, n'kukhala gulu limodzi lankhondo. Anagwira misika ya golide ndi mchere m'mphepete mwa chipululu, kenaka anakwera kumpoto n'kulowa dziko limene lero timati Moroko.

Mayina a mafumuwo ndi aatali, mano anga otsalawa sangawakwanitse, mukawafune pamafoni anuwo. M'kalasi ndinkangoti Wamkulu ndi Wamng'ono, chifukwa anali pachibale ngati ine ndi Binwelo. Wamkulu ndiye anali mfumu. Ndiye anasankha chigwa chimene anayamba kumangapo mzinda wa Marakeshi. Ntchito ili m'kati, kunabwera uthenga woti kwawo kuchipululu mafuko ayambanso kuphana. Sakanachitira mwina koma kupita. Anaitana Wamng'ono n'kumusiyira mzinda, gawo la asilikali ndi mpando, kuti agwirizire mpaka iye atabwera. Anasudzulanso mkazi wake, mayi wanzeru ndi wachuma, kuti asakazunzike naye m'chipululu, ndipo mayiyo anadzakwatiwa ndi Wamng'ono. Ndikafika pamenepa anyamata a Fomu 3 ankaomba m'manja, ine n'kumamenya tebulo ndi dasitala.

Wamng'ono sanagone. Anapitiriza zimene mnzake anayamba, anagonjetsa mizinda, asilikali ake anachuluka. Patapita nthawi Wamkulu anakhazikitsa bata kumwera, n'kubwerera kuti adzatenge mpando wake. Akale analemba kuti mkazi uja ndiye analangiza mwamuna wake chochita: asamenyane ndi m'bale wake, asamunyoze, komanso asamulandire ngati mfumu. Choncho Wamng'ono anatuluka kukakumana naye kunja kwa mzinda, chikhamu cha asilikali pambuyo, n'kumulonjera ali pahatchi, osatsika. Atatero anamutulira mphatso zambirimbiri: golide, nsalu, ziweto, chakudya, zinthu zothandiza munthu wokhala m'chipululu. Wamkulu anayang'ana asilikali, anayang'ana mphatso, n'kumva. Analangiza m'bale wakeyo kuti aziopa Mulungu polamulira anthu, anatembenuka, ndipo sanabwerenso. Anafera kumwera komweko, akuti ndi muvi wopaka ulembe. Koma mpaka imfa yake, ndalama zagolide za ufumuwo zinkasulidwabe ndi dzina la Wamkulu.

Phunziro limeneli ndinaliphunzitsa molakwika zaka zonse zija. Ndinkati taonani nzeru, ufumu wasintha manja popanda dontho la magazi. Pamayeso ndinkafunsa ana kuti afotokoze luso la Wamng'ono. Sindinawafunsepo ndi kamodzi komwe kuti Wamkulu ankaganiza chiyani paulendo wobwerera uja. Amene anandidzudzula anali Binwelo yekha. Tchuthi china ndili kwa amalume ku Kasungu, tikusankha fodya m'chigafa, ndinamukambira nkhaniyi. Anaseka n'kunena kuti, "Msuweni, Wamng'ono wakoyo ndi mbava yaulemu." Ndinamuyankha kuti iye ndi mlimi, za mafumu asiyire ophunzira.

Inu obadwira kuno chisuweni simuchidziwa. Kwa inu mwana aliyense wa m'bale ndi kazini, basi. Kwathu mwana wa amalume ako ndi munthu wapadera. Mumanyozana, kulandana chipewa, kudyerana ndiwo, popanda wokwiya. Binwelo ankanditcha kapolo wake, ine n'kumamutcha mbuli ya ku Kasungu. Msuweni akhoza kukuuza mawu amene wina atakuuza mungatengerane kubwalo, iwe n'kuseka, chifukwa mwambo ukuti useke. Ndi mwambo wokoma, ndipo ndimaulakalaka mpaka lero. Koma munthu wa mtima wopotoka akhoza kubisalamo, ndipo ine ndinabisalamo.

Mbuli ija ndiyo inatsogola kubwera kuno. Anagwira ntchito yonyamula katundu ku Tipton zaka zingapo mpaka anapeza mapepala okhazikika. Nthawi imeneyo ufa wa chimanga unali wosowa, tinkaphika semolina n'kumadzinamiza kuti tadya. Aliyense wochokera kumudzi ankabwera ndi usipa m'sutikesi, ataukulunga m'zitenje, mtima uli m'mwamba pa eyapoti. Binwelo anaona kuti pamenepo pali bizinesi. Anachita lendi kachipinda kopapatiza pa Foleshill Road ku Coventry, pakati pa shopu ya Mmwenye wogulitsa nsalu ndi malo ometera. Mashelefu anakhoma yekha. Chikwangwani analemba yekha ndi penti wobiriwira, chimene chija mumachiseka kuti zilembo zake zikutsetsereka: Kwa Binwelo. Kenaka anandilembera kalata, ya kapepala kabuluu kopinda kokha kaja, kuti bwera udzawonjezere sukulu, za pogona usadandaule. Ndinabwera ndi agogo anu aakazi, Anabanda, ndi mayi anu Chisomo akadali kamtsikana ka pulayimale. Tinagona pamwamba pa shopu yake chaka chathunthu, iye atatisiyira bedi n'kumagona pa sofa. Sukulu ndinamaliza, koma histole yanga inathera m'mashifiti a kunyumba yosamalira okalamba, ndipo Loweruka ndinkathandiza m'shopu.

Amalume atamwalira, ana awo anayamba kulimbirana esiteti ya fodya, mpaka wina anatenthera mnzake chigafa. Binwelo, monga woyamba kubadwa, anayenera kupita. Mkazi wake ndi Esinati analinso komweko, anali asanawatenge. Anati apita miyezi isanu ndi umodzi yokha. Kuti ndizitha kusaina za katundu ndi za landilodi, mwini nyumbayo, anasintha lizi, pepala la lendi ya shopu, n'kuika dzina langa. Pondipatsa makiyi anati, "Kapolo wanga, usamale. Ndikadzapeza makoswe adya nyemba, ndidzakugulitsa." Tonse tinaseka.

Miyezi isanu ndi umodzi ija inasanduka zaka zinayi. Milandu ya malo kwathu siyenda ndi wotchi. Ine ndinasiya mashifiti n'kulowa m'shopu ndi mtima wonse, ndipo apa sindinama, ntchito ndinaigwira. Ndinkalawirira kumsika waukulu wa ku Birmingham kukapikula nyama ya mbuzi ndi therere. Ndinaika mafiriji. Wometa uja atasamuka ndinatenga chipinda chake n'kugumula khoma. Anthu a ku Zambia ndi ku Zimbabwe anayamba kubwera kuchokera kutali ngati ku Wolverhampton. Kutchalitchi anasiya kunditchula dzina n'kumati a shopu, ndipo pa zinkhoswe anayamba kundikhazika kutsogolo. Munthu amene wakhala akusambitsa makolo a eni ake, akalawa mpando wakutsogolo safuna kubwerera kumbuyo. Ndikunena izi kuti mudziwe mmene zinayendera, osati kuti mundichepetsere mlandu.

Kenaka foni inalira, anali Binwelo. Milandu yatha, msuweni, ndikubwera. Poti anakhalitsa kunja kwa dziko lino, mapepala ake okhazikika anali atatha mphamvu. Anabwera ndi viza ya mlendo, akudalira kuti shopu ikabwerera m'dzina lake, loya amuthandiza kukonza zotsalazo. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti popanda shopuyo alibe popondera m'dziko lino.

Sabata imeneyo ndinapita m'tauni kukagula zinthu. Sutikesi yaikulu yamatayala. Magambuti olimba a kumunda. Jekete lamvula, wotchi, tochi, makina osokera ang'onoang'ono a mkazi wake, mabuku a Esinati. Zonse zothandiza munthu wokhala ku Kasungu. M'nkhani ya mafumu ija mkazi ndiye anapereka nzeru, ndipo zikanandipepukira ndikanati inenso ndinanamizidwa ndi mkazi. Koma agogo anu aakazi ali m'manda, sindingawasemere chinyau. Atapeza katunduyo pabedi anaima pakhomo.

"Abambo a Chisomo," anatero, "munthu wongofika kumene mukumugulira sutikesi? Katunduyu ndi wolandirira kapena wothamangitsira?"

Ndinati, "Mapanga awiri avumbwitsa. Munthu sangamalime ku Kasungu n'kumagulitsanso ku Coventry."

"Ndiye mumuuze pamaso, mumve chimene ayankhe. Ine sindikulunga nawo zimenezi."

Ndinakulunga ndekha.

Tsiku lofika linali Loweruka. Sindinapite kukamuchingamira kumene basi ya kochi imatsitsira anthu, ndinati shopu yatanganidwa. Ndinaitana akuluakulu awiri a mpingo kuti adzalandire nawo mlendo, ndipo masana amenewo makasitomala anali atadzaza mpaka pakhomo. Amenewo ndiwo anali asilikali anga. Binwelo analowa atanyamula kachikwama kamodzi, ataonda, imvi zitamera. Anaima n'kumayang'ana mafiriji ndi pamene panali khoma paja, nkhope yake ikuwala ndi chimwemwe chenicheni. Ine ndinali kuseri kwa kauntala, pa mpando wautali umene iye anagula. Sindinadzuke. Ndinangotambasula dzanja pamwamba pa kauntala.

"Mbuli ya ku Kasungu yafika," ndinatero mokweza kuti onse amve. "Takulandirani kushopu kwathu, alendo athu. Mukhala masiku angati?"

Anthu anaseka.

"Kapolo wanga wanenepa," anayankha. "Tadzuka pampando wa bwana wako."

"Mpandowu unazolowera ena. Koma sitinakuiwaleni, taonani."

Ndinatulutsa mphatso imodziimodzi n'kumaziika pakauntala, anthu akuomba m'manja. Mayi wina wa ku Chipata analuluta. Binwelo anayang'ana sutikesi. Ananyamula gambuti imodzi n'kuitembenuza kuti aone saizi, ndipo inali saizi yake ndendende. Kenaka anayang'ana akuluakulu a mpingo aja, anayang'ana khamu, n'kudzayang'ana ine. Ndinaona m'maso mwake kuti wakumbukira tsiku la m'chigafa lija. Anawerama ngati akufuna kuona wotchi, n'kunena motsitsa kuti ndimve ndekha:

"Aphunzitsi, mwangosowa hatchi yokha."

Atatero anaweramuka n'kuseka mokweza, kusekera anthu aja, n'kuwauza kuti kapolo wake waphunzira ulemu. Akanakwiya, onse akanati sadziwa chisuweni. Akanapita kwa loya, lizi inali m'dzina langa. Ndinamutsekera njira zonse ziwiri, ndipo ndinachita zimenezi ndikudziwa. Sindinapupulume, sindinaledzere. Ndinakonzekera ngati mmene ndinkakonzekerera phunziro.

Anakhala masabata atatu, akugona kwa mnzake ku Tipton. Pamwamba pa shopu sanakwerepo. Anabanda ankakwera basi ndi sitima kukamupatsira chakudya, ndipo ndi iwo amene anamuperekeza tsiku lonyamuka. Atabwerako anandiuza kuti watenga zonse, ngakhale tochi, ndipo wati ndizisamala makasitomala okalamba, ndiziwanyamulira matumba a ufa mpaka pagalimoto. Atapereka uthengawo sanandilankhulenso mwezi wathunthu. Ankaphika, kuchapa, kundiyalira, koma mawu ayi. Pa zaka zonse za ukwati wathu sindinasungulumwepo ngati mwezi umenewo.

Chikwangwani sindinachotse. Ndinkadziuza kuti ndi ulemu, kuti ngakhale mafumu aja anasunga dzina la Wamkulu pandalama. Zoona zake n'zakuti makasitomala anali atazolowera dzinalo. Inu mukandifunsa muli ana kuti bwanji shopu ya agogo ili ndi dzina la munthu wina, ndinkakupatsani switi.

Mwina mukufuna kudziwa mathero a mafumu aja. Wamng'ono anakhala mfumu yaikulu. Anawoloka nyanja kupita ku Sipeni ataitanidwa ndi mafumu achisilamu a kumeneko kuti akawathandize pankhondo. Anawathandiza, kenaka n'kuwalanda maufumu awo nawonso. Anakalamba kwambiri, akuti akudyabe zakudya za m'chipululu, munthu wopemphera, wosakonda zamanyado. Mwana wake analamulira pambuyo pake. Koma m'masiku a adzukulu ake kunatsika anthu ena ochokera kumapiri, Aberiba anzawo, n'kugwetsa Marakeshi. Sindikunena kuti ufumuwo unagwa chifukwa cha tsiku la hatchi lija, ine ndinali mphunzitsi wa histole, osati mlaliki. Ndikungoti amene anapezeka mumzinda tsiku lowawalo anali adzukulu, anthu amene sanalande kanthu kwa aliyense. Ndikamakuonani inu awiri Loweruka mukusanja mashelefu, zimenezi zimandibwerera mumtima.

Ine ndi Binwelo sitinadane poyera. Khirisimasi iliyonse ankaimba foni, kuyambira masiku okala makadi oimbira foni aja mpaka masiku ano oonana nkhope. Funso lake linali limodzi: "Kapolo wanga, shopu yanga ikuyenda bwanji?" Ine n'kuyankha kuti, "Ikuyenda bwino, bwana." Tikatero tinkaseka n'kuyamba za mvula ndi mitengo ya fodya. Zaka zonsezi sindinadziwe ngati ankaseka kapena ankafunsa, ndipo sindinafune kudziwa.

Mwezi watha anaimba ali m'chipatala. Mawu ake anali ochepa, akupuma movutikira. Sananditche kapolo. Anati, "Gidiyoni, shopu yanga ija." Anasiyira pomwepo, n'kudikira. Ndinamva kudikirako. Chinali chitseko chimene ananditsegulira, ndipo ndikanangonena mawu amodzi okha, akuti ndinakulakwira, bwenzi atapita atawamva. Koma ine ndinaseka. Ndinati, "Ikuyenda bwino, bwana, muchire mudzaione." Iye sanaseke. Anati zikomo, n'kupereka foni kwa namwino. Amenewo ndiwo mawu athu omaliza, ndipo akundiwawa kuposa tsiku la mphatso lija.

Ndinkayesa kuti kwawo anawauza kalekale. Ndinkayesa kuti Esinati anakula akudziwa kuti ku Coventry kuli mbala. Lachinayi lija ndi pamene ndinadziwa kuti sanauze munthu, ngakhale mkazi wake. Kaya ankabisa manyazi anga, kaya ankabisa ake, sindikudziwa, ndipo woti ndimufunse palibenso. Lachisanu Esinati anandiimbira kundithokoza. Anati, "Ababa, bambo ankati anthu okhulupirika ngati inu anatha." Ndipo ine, nkhalamba ya imvi, mkulu wa mpingo, ndinayankha kuti, "Zikomo, mwanawe." Ndinalandira.

Chimene Esinati anene pa za shopuyo, ndichita. Akhoza kuifuna yonse, akhoza kufuna gawo, akhoza kungodula foni osadzandilankhulanso. Mayi anu akulira kuchipindako chifukwa ndi iwo akuyendetsa shopuyo tsopano, ndipo ndi imene yakulerani. Ndikudziwa chimene ndikuika pachiswe, ndipo ndikudziwa kuti si changa chokha. Pa chimenecho ndikupepesa kwa inu, ana inu, ndipo sindikukukakamizani kuti mundikhululukire lero.

Tadala, ndakumva, ngakhale wanenera m'Chingelezi. Ukuti bwanji osangozisiya, poti mwini wake anasankha kukhala chete. Funso limenelo ndalitembenuza kuyambira Lachinayi. Binwelo sanasankhe. Anakhala chete chifukwa ndinamusiyira kuseka kokha. Esinati si msuweni wanga, ndi mwana, ndipo palibe mwambo womukakamiza kuseka. Iye akhoza kundiyankha zimene bambo ake sanathe kundiyankha, ndipo ndiyenera kuzimva.

Nambala yake ili pakapepala m'Baibulo langa, m'thumba la jekete. Yankho, kagogode kwa mayi ako, uwauze kuti nthawi yakwana, akafuna abwere. Tadala, imba ndiwe. Uike pa sipika kuti nonse mumve. Mukhale pompano mpaka ndimalize, ndipo mukaona ndayamba nthabwala, mundiletse.